Mankhwala Osabatizidwa

"Agogo, mankhwala anuwa dzina lawo ndani?"

Anafunsa chonchi ndi Luisa, kamdzukulu ka a Felizarda, tsiku limene agogo akewo anabwera kuchokera kuchipatala chachikulu cha kumzinda. Pabotolo panali zilembo ndi manambala basi. A Felizarda anamuuza kuti madokotala akuwayesabe mankhwalawo m'kafukufuku, ndipo adzawapatsa dzina akadzaona kuti ndi othandiza.

"Ndiye kuti sanabatizidwe! Akadali m'kalasi!" anatero mwanayo.

Kuyambira pamenepo mapiritsiwo anakhala a Katekumeni. M'mawa Jorge, mwana wa a Felizarda, ankafunsa ngati a Katekumeni alowa kale m'kalasi. Nseru ikawagwira amayi ake, iye ankati lero a Katekumeni asokoneza Malamulo Khumi. Kuseka kunkatsitsa piritsi kuposa madzi. Mawu amodzi okha ndiwo sankatchulidwa pakhomopo: khansa. Ku Msumba konse anthu ankangodziwa kuti amake Jorge amapita kumzinda chifukwa cha kuchepa kwa magazi. A Felizarda anali ataona momwe anthu amayankhulira ndi wodwala khansa, motsitsa mawu ngati ali kale pasiwa, ndipo sanafune zimenezo.

Tsiku lina m'mawa a Felizarda akutembenuza usipa pathandala, anafika a Rakele, oyandikana nawo nyumba. Awiriwa ankalowerana m'nyumba popanda odi. Wina akasowa mchere, machesi kapena panado, ankangotenga n'kunena pambuyo.

"Amake Jorge, a Katekumeni anu aja ndi amphamvu! Abatizidwe basi," anatero a Rakele akutula dengu.

"Mwawaonera pati mphamvuzo?"

"Pa Nádia. Kusikelo anamuuza kuti magazi achepa, ndiye ndati tivutikirenji mankhwala a magazi ali pakhomo pomwepa? Dzulo ndinatapako pashelefu muli kutchalitchi. Wamwa dzulo, wamwanso lero. Kungoti akuti mutu ukuzungulira."

A Felizarda anasiya kutembenuza usipa. Nádia, mwana wamkazi wa a Rakele, anali ndi pakati poyamba, mimba itayamba kale kuonekera. M'makutu mwawo munamveka mawu a dokotala wa kafukufuku, amene anawachenjeza mobwerezabwereza kuti mankhwalawo ndi a iwo okha, ndipo mayi woyembekezera asawakhudze n'komwe.

"Mwati wamwa?"

"Inde. Nanga mwatuwa bwanji? Ndibweza, anzanga. Mwayamba liti umbombo?"

A Felizarda anayang'ana uku ndi uku. Pamathandala ena panali amayi ambiri, ndipo makutu awo anali atatcherwa kale. Akanatha kunong'ona, koma mawu anatuluka okha, okweza.

"Si a magazi! Ndi a khansa! Ine ndili ndi khansa ya bere, amake Nádia!"

Amayi onse pagombepo anatembenuka. A Rakele anakhala pansi pamchenga.

"Mayo ine! Ndapha mdzukulu wanga ndi manja angawa!"

"Dzukani! Kulira n'kwa mawa. Jorge! Tenga njinga yamoto ya amalume ako, msanga!"

Jorge ananyamula Nádia, ndipo amayi awiriwo anatsatira pa njinga ina, botolo lili m'manja mwa a Felizarda. Analunjika ku Metangula. Kuchipatala namwino anatembenuza botololo, n'kukweza nsidze.

"Amayi, awa ndi mankhwala anji? Sindinawaonepo."

"Alibe dzina, mwanangu. Imbani nambala ili m'munsiyo, akuuzani eni ake."

Namwino anaimba. Analankhula nthawi yaitali m'Chipwitikizi, nkhope ili gwa, akufunsa miyezi ya mimba ndi kuchuluka kwa mapiritsi. Kenako anagoneka Nádia, n'kumvetsera pamimba. Anati mtima wa mwana ukugunda bwino, koma ngakhale madokotala a kafukufukuwo sakanatha kulonjeza kanthu, poti mankhwalawo ndi atsopano. Nádia agonekedwa kuti amuyang'anire, ndipo pambuyo pake azidzabwera pafupipafupi mpaka kuchira. Kwa a Felizarda anati madokotala akuwafuna kumzinda sabata yomweyo, akakambirane ngati apitirize m'kafukufukumo.

Amayi awiriwo anatuluka n'kukhala pakhonde. A Rakele ndiwo anayamba, maso ali pansi.

"Miyezi yonseyi, amake Jorge. Timatapa mchere m'chitini chimodzi, koma ichi munandibisira. Wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko. Inu munatseka, n'kumatiseketsa pawindo."

"Ndinkaopa maso a anthu. Ndinkafuna muzindinena kuti usipa wanga ndi wamchenga, osati muzindifunsa ngati ndagona bwino."

"Ndi wamchengadi," anatero a Rakele, misozi ikutsika. Anapukuta ndi nsonga ya chitenje. "Nanenso ndatapa ngati ndikutapa ufa, osafunsa. Mwana akabadwa wopunduka, ndidzawauza chiyani apongozi ake a Nádia?"

"Sitinafike kumeneko. Tikafikako, simudzayankhula nokha. Bodza linali langa, dzanja linali lanu."

Onse awiri anayang'ana amayi oyembekezera amene ankadutsa. Kenako a Rakele anayang'ana pachifuwa pa anzawo, mwamantha, ngati akuwaona koyamba.

"Chimapweteka?"

"Masiku ena."

"Nanga kumzindako amakuperekezani ndani?"

"Ndimapita ndekha. Jorge sangasiye ukonde."

A Rakele anagwira pakamwa. Ulendo wonse uja, wa minibasi ya chapa ndi fumbi, munthu wodwala yekhayekha! Anatambasula dzanja n'kugwira la a Felizarda, lomwe linali likununkhabe usipa.

"Ulendo uno chikwama ndinyamula ine. Ndipo ulendo uliwonse, kaya akusungani m'kafukufukumo kaya akuchotsani."

"Ndamva," anayankha a Felizarda. "Nanenso tsiku lililonse limene Nádia adzaitanidwe kuno, ndidzakhala pakhonde lino pambali panu, mpaka timve mwanayo akulira."