Dzenje Lachisanu ndi Chiwiri

"Zisiyeni mbalezo, achimwene!" anakalipa Mzime, uku akulanda katoni.

"Nyumba ino ndi ya kalabu," anayankha mchimwene wakeyo. "Bambo apita, ntchito yapita. Ukufuna amayi adzatulutsidwe ngati nkhuku?"

Panali patangotha masiku anayi chiwaikireni bambo awo, amene kwa zaka makumi atatu ankasamalira bwalo la gofu ndi kusuntha maenje m'mawa uliwonse. Mzime, wotchetcha kapinga pabwalo lomwelo, mtima unali m'mwamba. Manijala anali atamuuza mosapsatira: akathetsa chipwirikiti cha pa dzenje lachisanu ndi chiwiri pofika mawa, ntchito ndi nyumba n'zake. Akalephera, basi.

Ndipotu chinali chipwirikiti! Chimwalirireni bambowo, osewera ankaunjikana pamenepo ola lathunthu akutukwana, mpira uliwonse ukungolambalala dzenje. Mzime anatchetcha, anathirira, anayeza ndi chingwe, koma ayi ndithu.

Anatuluka panja, analowanso, anakhala pansi, anadzukanso.

"Iwe, ukundizunguza mutu," anatero amayi ake. "Dzenjelo waliika pati?"

"Pachitunda, monga anajambulira katswiri wa mapulani."

Amayi anaseka, koyamba chichitikireni maliro.

"Katswiri wakoyo anaonapo nkhalamba ikunjenjemera manja? Masiku a anthu ambiri bambo ako ankabowola m'kachidikha kakumanzere, komwe mpira umagubuduzikira wokha. Ankati munthu azibwerera kwawo ali ndi chokauza mkazi wake."

"Ndiye kuti ankawanamiza?" anafunsa mchimwene uja.

"Ankawathandiza osawauza. Kaya ndi bodza kaya ayi, dzina lake upereke wekha."

Kutacha, Mzime anagwada m'kachidikhako, nabowola, nazika mbendera. Mantha anali atamugwira zedi, poti manijala anaima chapatali atapinda manja.

Woyamba kufika anali mkulu wina waimvi, katswiri wa madandaulo pakalabu yonse. Anamenya mwamphwayi. Mpira unakhota, unazengereza, kenaka n'kugwera m'dzenje. Anzake nawonso sanachedwe, ndipo gulu lotsatira linafika popanda kudikira. Manijala anabwera, n'kumuponyera Mzime makiyi a shedi ya zipangizo imene bambo ake ankayang'anira.

"Mwaona?" anafuula mkulu uja, ndodo ili m'mwamba. "Dzanja ili silikalamba! Malemu bambo ako ankandiuza tsiku ndi tsiku kuti ine diso ndili nalo."

Mzime anawerama, nawatolera mpira, naupukuta ndi malaya ake.

"Zoona, bwana," anatero. "Diso muli nalo."