Kapu Yolumidwa ya Kambalame

Adokotala atatchula dzina la vutolo, amuna anga anayang'ana wotchi. Ine ndinayang'ana mwana, yemwe anali pansi pa tebulo akuzunguza tayala la mpando wa adokotalawo ndi chala. Otizimu. Ndinawapempha kuti abwereze, anabwereza, n'kuwonjezera kuti si matenda a jakisoni, si kulodzedwa, ndiponso si chifukwa cha chilichonse chimene ndinadya kapena kuchita ndili woyembekezera. Mfundo yomalizayo ndinalakalaka akanainena apongozi anga ali pomwepo.

Mwana wathu ali ndi zaka zinayi ndipo sanatchulepo liwu ngakhale limodzi. Timamutchula Kambalame chifukwa akakondwa amakupiza manja ngati akufuna kuuluka. Akafuna chinthu amakuwa, ukachedwa kuzindikira amamenyetsa mutu pachitseko, iwe n'kumathamangathamanga ngati wapsa: kodi ndi ludzu, kodi ndi nsapato yamufinya, kodi ndi wailesi ya aneba? Ine ndimaluka tsitsi pakhonde la nyumba yomwe timachita lendi, ndiye ndili naye tsiku lonse. Bambo ake amajambula zithunzi. Ali ndi situdiyo pafupi ndi siteji ya basi, ndipo msewu wonse umawadziwa kuti a Mwetulirani, poti ndiwo mawu amene amauza aliyense woima patsogolo pa kamera yawo. Kunyumba mawu amenewo amawavula pakhomo pamodzi ndi nsapato.

"Nanga tsopano titani, adokotala?" ndinafunsa.

Anati pali mlangizi wothandiza ana otere kulankhulana ndi anthu, ndipo tizipita naye Lachinayi lililonse. "Nonse awiri," anatero, maso ali pa amuna anga.

Titangotuluka pageti la chipatala, a Mwetulirani anayamba.

"Muzipita ndinu, mayi a mwana. Muzikandimverera. Ine situdiyo sindingaitseke."

"Kandimverere anakanena za m'maluwa, bambo."

"Aaa, madokotala a masiku ano chilichonse amachipatsa dzina. Ineyo ndinachedwa kulankhula, kafunseni amayi. Lero si ndikulankhula?"

"Kulankhula mukulankhula, eya. Kumva ndiye kunakudutsani."

Anakwera basi yawo, ife tinakwera yathu.

Mlangiziyo anali mayi wamfupi, wokonda kukhala pansi pamodzi ndi ana, nsapato atavula. Sanamukakamize Kambalame kuti amuyang'ane. Anangotenga tayala lina n'kuyamba kulizunguza pambali pake, kwinaku akulankhula ndi ine.

"Tiyambe ndi zithunzi, mayi. Mujambule zinthu zake zenizeni. Kapu yomwe amamwera, nsapato zomwe amavala, chitseko chanu, inuyo, bambo ake. Akafuna madzi, aphunzire kutenga chithunzi cha kapu n'kukupatsani. Koma lamulo lake ndi ili: akakupatsani chithunzi, mupatseni chinthucho pomwepo. Musachedwe, musazengereze. Adziwe kuti akapempha amamveka. Mawu akhoza kubwera, akhoza osabwera, koma kupempha aphunzire."

Abale, ndinatuluka m'chipindamo mtima uli m'malo koyamba. Ndinati Mulungu sagona, wandipatsa mwana wofuna zithunzi, mwamuna wojambula anandipatsa kale. Ndipo ndisabise, chimene ndinkafuna kwenikweni sichinali zithunzi zokha. Ndinkafuna bambo aone mwana wawo. Pakhoma la situdiyo pali ana a eni, ena ovala timasuti, ena atakumbatira zidole, onse akumwetulira. Wawo palibepo. Anayesapo kumujambula ali ndi zaka ziwiri, mwana anakana kuyang'ana kamera, iwo anati akuwaonongera nthawi, basi nkhani inathera pomwepo. Tsono ndinati kuti ajambule kapu ayenera kuigwira, kuti ajambule nsapato ayenera kugwada. Mwina pogwadapo maso awo akumana ndi mwana.

Nditawafotokozera, anavomera msanga moti ndinadabwa.

"Imeneyo ndiye ntchito yanga. Mlangizi wanuyo adzaona kusiyana kwa kujambula ndi kungodina batani."

Ndinawaonetsa zinthu zake. Kapu ya pulasitiki yobiriwira, yolumidwalumidwa m'milomo, chogwirira chinathyoka kalekale, koma mum'patse madzi m'kapu ina muone nkhondo yake. Nsapato za malamba zofwifwa, lamba wina ndinachita kusoka ndi ulusi wolukira tsitsi. Tayala la kagalimoto koseweretsa, tayala lokha, galimotoyo sitikudziwa kumene inapita.

"Sungani, ndaziona," anatero.

Ine ndinkadikira kuti abwera ndi kamera kunyumba. Sanabwere nayo. Patapita masiku anabwera ndi envelopu, n'kuyala zithunzi patebulo ngati munthu wogulitsa malonda.

Koma zinali zokongola, chilungamo chinenedwe. Zonyezimira, zokutidwa ndi pulasitiki yolimba. Kapu yoyera yadothi ya mkombero wagolide, itakhazikidwa pansalu yofiira. Nsapato zakuda zopolishidwa, zija amabwereketsa ana a makasitomala. Galimoto yofiira yathunthu, matayala onse alipo. Chitseko chosemedwa maluwa, cha pansalu ija amapachika kumbuyo kwa anthu pojambula. Ine anandiikapo wa tsiku la ukwati, nkhope atayisalaza pakompyuta mpaka ineyo ndinayamba kudzikayikira. Ndiye iwowo: suti, tayi, mano onse pamtunda.

"Bambo, izi ndi zinthu za ndani?"

"Kapu ndi kapu, mayi."

"Kapu ya Kambalame ndi yobiriwira."

"Ndiye mukufuna ntchito yanga ikafike kuchipatala ndi chikapu cholumidwa ndi makoswe? Tembenuzani muone, kuseriko kuli chidindo cha situdiyo. Anthu akaziona adzati a Mwetulirani amamwetsa mwana wawo m'chigoba. Munthu akabwera kwa ine ndi chipsera ndimachichotsa, akabwera ndi kolala yothaitha ndimamubwereka jekete. Ndiyo ntchito yake imeneyo."

"Sanalume makoswe. Analuma mwana wanu."

Apongozi anga atabwera anazitola chimodzichimodzi, akuziyamikira. "Mwana wanga ali ndi luso, ee! Vuto ndi kumulekerera mwanayu, apongozi. Mukanakhala mukumukalipira bwenzi atalankhula." Ndinangoti zikomo amayi, n'kupita kukatsuka mbale zomwe zinali zotsuka kale.

Ndinayesabe, poti nanga ndikanatani. Tsiku lina masana kukutentha, Kambalame anayamba kuzungulira chidebe cha madzi. Ndinamuonetsa chithunzi cha kapu yagolide ija. Sanachiyang'ane n'komwe. Ndinachiika m'dzanja lake, anachigwetsa. Ndinachitolanso, iye anayamba kukuwa, ndipo ndisanafike pa kapu yake anali atamenyetsa kale mutu pachitseko. Chotupa chinatuluka pamphumi ngati dzira. Ndinamukumbatira akundikankha, ine ndikulira, zithunzi zokongola zili mbwee pansi.

Lachinayi mlangizi anaziona zithunzizo, anaona chotupacho, n'kufunsa mofatsa.

"Kapu imeneyi muli nayo kunyumba?"

"Ayi."

"Ndiye kwa iyeyu ili ndi pepala chabe, mayi. Ana ena akaona kapu iliyonse amadziwa kuti ndi kapu. Uyu pakali pano akudziwa yake yokha."

Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Ndinafika kunyumba, zithunzi zonse ndinaponya m'dirowa. Ndinatenga foni yanga yosweka galasi n'kuyamba kujambula ndekha. Kapu yolumidwa pamwamba pa chidebe. Nsapato zosokedwa. Tayala. Chitseko chathu chenicheni, chokhala ndi malo operepeseka pamene amamenyetsapo mutu. Ine ndinadzijambula ndi duku langa la ntchito, chipeso chili kutsitsi. Chinatsala cha bambo.

"Taimani apo ndikujambuleni," ndinawauza m'mawa wotsatira.

"Ine? Kujambulidwa ndi foni? Muli nacho kale chabwino."

Anakoleka chikwama cha kamera paphewa n'kulunjika kuchitseko. Mkwiyo unandigwira, ndinangodina. Chinatuluka chogwedezeka: msana wa malaya abuluu, chikwama, dzanja pachogwirira chitseko. Ndinakachapitsa zonse pakasitolo kena kutali ndi situdiyo yawo, chamsanacho chinalowa nawo m'gulumo. Ndinazimata pachitseko cha kabati, m'munsi, pamene mwana amafikira.

Sizinatheke tsiku limodzi ayi. Ndinkagwira dzanja lake, kulifikitsa pa chithunzi, kuchiika m'dzanja langa, n'kumupatsa madzi. M'mawa, masana, madzulo, mpaka msana kuwawa. Makasitomala ena ankandiseka, ati mwayamba sukulu ya mkaka, ena ankangondimvera chisoni chija chonyansa chopukusa mutu. Kenako tsiku lina ndikuluka mayi wina wa kubanki, ndinamva kanthu kakundikhudza pabondo. Kambalame. Osakuwa, osalira. Anaika chithunzi cha kapu yolumidwa m'dzanja langa n'kuima phee.

Mayo ine! Ndinamusiya mayiyo mutu uli theka, ndinathamangira kuchidebe, madzi ena kutayikira pansi. Mwana anamwa, anakupiza manja, anabwerera ku tayala lake. Ine ndinakhala pansi pakhonde ndikulira ngati pamaliro, mayi wa kubanki akundisisita paphewa ndi tsitsi lake loimirira mbali imodzi.

Madzulo ndinawauza bambo ake. Anati, "Si ndinanena kuti adzasintha yekha?" Maso anali pafoni, akusankha zithunzi za ukwati wa eni.

Kabatiyo anaiona bwinobwino tsiku lina magetsi atazima ku situdiyo, iwo n'kubwerera kunyumba masana. Anaima patsogolo pake nthawi yaitali.

"Mwakachapitsa kwa anthu ena? Mkazi wa a Mwetulirani, kukachapitsa zinyalala izi kwa ena? Mukufuna kundivula pagulu?"

"Ndikufuna mwana amwe madzi asanaswe mutu."

Anamatula chamsana chija. "Nanga ichi n'chiyani?"

"Ndinu."

Anaseka, koma kuseka kwake kunali kouma. Anatsegula dirowa, anatulutsa chawo cha suti, n'kuyala ziwirizo pansi pafupi ndi pamene mwana ankazunguza tayala. Kenako anagwada. Abale, anagwada! Bondo la buluku lawo losita linakhudza simenti ya nyumba yathu, nkhope yawo inafika pamlingo wa nkhope ya mwana, chinthu chomwe ndinakhala ndikuchipempherera.

"Kambalame," anatero. "Adadi ndi ati apa? Tawaonetsa amayi akowa."

Ndinene zoona, ndinafunitsitsa mwana atenge cha suti. Ndinali wokonzeka kugonja, kusekedwa, kumva "si ndinanena" mpaka kukalamba, bola mwamunayu akhalebe pansipo.

Kambalame anasiya tayala. Cha suti anachidutsa ngati palibe kanthu. Anatola chamsana, anachiyandikiza kumaso, n'kuyamba kusisita chikwama cha kamera ndi chala.

A Mwetulirani anayang'ana mwana, anayang'ana chithunzi. Ndinati mumtima, ndi pano. Ndinatsitsa mawu, ndinameza ukali wanga wonse.

"Bambo a Kambalame, mawa ndi Lachinayi. Tiyeni tipitire limodzi kwa mlangizi. Ola limodzi lokha."

Analoza chamsana chija m'manja mwa mwana.

"Chagwedezeka chimenechi," anatero. "Ndiponso munajambula moyang'anizana ndi kuwala. Sajambula choncho."

Anaimirira, anasasa fumbi pabondo, anatola cha suti n'kuchiika m'thumba la malaya. Anakoleka chikwama paphewa.

"Mwina magetsi ayaka tsopano."

Atangotembenuka kulunjika kuchitseko, Kambalame anadzutsa mutu. Anayang'ana chithunzi, anayang'ana msana, anayang'ananso chithunzi, n'kukupiza dzanja mwamphamvu. Anathamangira kwa ine, anatambasula zala zanga monga ndinamuphunzitsira, anaikamo chithunzicho, n'kuima phee.

"Bambo," ndinaitana. "Akukupemphani."

Chitseko chinali chitatsekeka kale. Ndinamva nsapato zawo zikutsika pakhonde, kenako mawu awo akupereka moni wansangala kwa aneba.

Mlangizi anati akapempha mupatseni pomwepo, musachedwe. Ndinatsala ndi chithunzi m'dzanja, mwana ali chiimire patsogolo panga, akudikira.