Sitata ya Mano Asanu ndi Anayi

Mayi telala anakankha galimoto ya malemu bambo awo zaka khumi ndi zinayi, amuna awo atakhala pa chiwongolero. Sitata itafa, amunawo, amene anthu ankawatcha a Kapitawo chifukwa chokonda kulamula, anagamula kuti sitata za galimoto zakale chonchi zinasiya kupangidwa. Ndiye m'mawa uliwonse mayi ankavula nsapato n'kugwira kumbuyo, a Kapitawo atatulutsa chigongono pawindo.

"Onjezani mphamvu, mayi. Mukuchita ngati simunadye bwanji?"

Banjalo linali litawakwana mayiwo kalekale. Mchemwali wawo anali atawasungira chipinda, koma iwo analumbira kuti sachoka kusiya galimoto ya bambo awo m'manja mwa munthu wosadziwa n'komwe pothira oyilo. Kuyendetsa ankatha, bambo awo anawaphunzitsa ali mtsikana. Vuto linali lakuti galimoto yolira chokankha imafuna anthu awiri, ndipo munthu sungapemphe mwamuna amene ukumuthawa kuti akukankheko.

Tsiku lina a Kapitawo atapita kumsonkhano, mayi anaitana makaniko n'kumasula sitata yakufayo. Anaiyeza ndi tepi yawo yoyezera madiresi, n'kulemba papepala: mabowo a mabawuti atatu, kagiya ka mano asanu ndi anayi. Kenako anayamba kuzungulira m'masitolo. Kwina ankawaseka, kwina ankawafunsa ngati anatumidwa ndi bambo akunyumba. Wina anawagulitsa ya mano khumi, akulumbira kuti dzino limodzi si nkhani. Ataiika inangokukuta ngati galu wapeza fupa, mayi n'kuibweza.

A Kapitawo atamva za kusakasakako anasangalala kwabasi. Ankauza aneba kuti akazi awo ayamba kuikonda galimoto ija, zonsezo chifukwa cha maphunziro amene iwo anawapatsa.

Sitatayo mayi anakaipeza kwa a Dzimbiri, mkulu wogulitsa zitsulo zakale kuseri kwa msika. Iye anayang'ana kapepala kaja, n'kukalowa pansi pa kalole kopanda matayala komwe nkhuku zinkaikiramo mazira. Anatulukako ndi sitata yakuda bii, nawerenga mano ndi chala, kenako anaigunditsa ku batire. Inazungulira.

"Injini zake n'zapachibale, ilowa bwinobwino," anatero a Dzimbiri. "Koma mayi, zaka zonsezi munali kuti? Yakhala pano chitsegulireni malo ano."

"Anandiuza kuti zinasiya kupezeka."

"Anakuuzani ndani?"

"Amene sakankha."

Makaniko anaimanga Lachisanu masana. Loweruka m'mawa, a Kapitawo ali kubafa akuimba, mayi anaika mashini awo osokera ndi masutikesi awiri pa mpando wakumbuyo. Kenako anakhala pa chiwongolero. Anachita mantha kuti ikakana, moyo wawo wonse uthera kumbuyo kwa galimotoyi. Anapotokola kiyi, ndipo inalira kamodzi n'kamodzi, monga inkachitira bambo awo ali moyo. Misozi inalengeza, koma nthawi yolira panalibe.

A Kapitawo anatuluka ndi thaulo m'chiuno, sopo ali m'khutu. Ataona masutikesi anazindikira. Anathamanga n'kugwira bampala yakumbuyo ndi manja onse awiri kuti aimitse, koma galimoto inkangopita pang'onopang'ono kulowera kugeti, iwo atawerama pambuyo pake, mapazi ali pululu m'fumbi.

Mayi a nyumba yoyandikana, amene ankayanika zovala, anaima ndi malaya m'manja n'kuitana amuna awo.

"Tabwerani mudzaone, bambo. Anzanu aja lero akuwakankhira akazi awo. Inu mudzayamba liti?"

Mayi telala anatulutsa chigongono pawindo, naika giya yachiwiri.