Manja a Ambrose ndi Chitsulo cha M'matope

"Ukawauze abambo ako kuti pabwinja safukula. Chimene eni ake anachisiya m'dothi, anachisiya akudziwa."

ANangozo ananena mawuwa akuyang'ana mdzukulu wawo Mirriam, khanda la miyezi isanu ndi iwiri, limene linali kalikiliki kuyamwa chala chakuphazi. Koma mwini mawuwo anali pomwepo, akumanga nsapato pakhomo. Paja munthu sulankhula ndi mkamwini maso ndi maso, nyumba ingachepe bwanji. Ndipo nyumba yawo ya ku Scarborough, kudziko la azungu, inali yochepadi, zipinda ziwiri pansanjika ya khumi ndi chinayi, moti wina akafuna kudutsa ankayamba wakhosomola kuti mpongozi mnzake apatuke.

Mkamwiniyo, Ambrose, naye anayankhira kwa khanda lomwelo. "Uwauze agogo kuti mizimu ya kuno ndi ya azungu, ife siitidziwa."

Ananyamula makina ake aja, ndodo yaitali yokhala ndi mbale kunsonga, imene imalira ikanunkhiza chitsulo pansi, n'kutuluka.

Mwamunayu kumudzi anali dokotala wa mano. Kuno anali atatha zaka zisanu ndi chimodzi akulongedza makatoni, uku akulemba mayeso oti amulole kugwira ntchito yake. Olemba papepala anakhoza. Anatsala amanja, oboola ndi kumata mano apulasitiki oyesa mayesowo akuyang'anitsitsa, ndipo amenewa anali atamugwetsa kawiri. Iye mwini ankati akagwanso kachitatu, basi, adzafera m'makatoni. Tsiku lake linali litatsala masabata atatu. Mkazi wake Kettie, mwana wa aNangozo, amene ankagwira ntchito yosamalira okalamba, sankamulola ngakhale kusenda mbatata, ati manja amenewo ndiwo munda wa banja lino.

Koma munthu wodikira mayeso ali ngati nkhuku yofuna poikira. Akakhala pampando, wanyamuka. Akatsegula buku, watseka. Ndiye mnzake Fredrick, wa ku Chipata, anamubwereka makinawo kuti mtima uzikhalako pansi, namusonyeza munda wina kupitirira tauni ya Markham, umene mwini wake anali ataugulitsa kuti amangepo nyumba. Anthu ankati pankhondo yachiwiri ya dziko lonse asilikali anamangapo misasa. Chipale cha nyengo yozizira chinali chitangosungunuka, dothi lili lofewa ngati phala.

Khonde linayamba kudzaza. Nsapato za mahatchi, dzino la pulawo, mabatani a yunifolomu obiriwira ndi dzimbiri, supuni yopindika, belu la ng'ombe lopanda lilime. Chilichonse Ambrose ankachitsuka, n'kuchitokosa ndi tizitsulo take totokosera mano, n'kuchiyanika padzuwa. ANangozo ankaziyang'ana patali, manja kumbuyo. Batani limenelo linali pachifuwa cha mwana wa munthu, ndipo ndani akudziwa ngati anabwerera kwa amake?

Vuto lake, mayiwa anali atachenjeza kale zambiri. Anachenjeza za chikepe chokwezera anthu kunsanjika, kuti chingwe chimatha. Anachenjeza za zenera, za chitofu chotenthetsa chakudya popanda moto, za galu wa mayi wapakhomo loyandikana, za kumwa madzi ozizira uli thukuta. Tsono mawu awo anasanduka ngati kulira kwa firiji, kumene eni nyumba sakumvanso.

Lachitatu lina Ambrose anabwera msanga, matope mpaka m'mawondo, atanyamula ndowa. Ankamwetulira yekha. Anauza Mirriam kuti lero abambo apeza chachikulu, mwina chitsulo cha pampu yakalekale, ndipo Loweruka amalume Fredrick akadzachiona adzakomoka ndi nsanje. Anaika ndowayo pakhonde, n'kulowa kubafa.

ANangozo anasuzumira. M'matopemo munagona chinthu chotalika ngati chisononkho chachikulu cha chimanga, mutu wobulungira, kumchira kuli zipsepse ngati za nsomba.

Iwo sukulu sanaponde, koma anakulira ku Tsangano, kumene msewu wokha ndiwo ukulekanitsa Malawi ndi Mozambique. Nkhondo ya tsidya lija anaiona ndi maso. Zinthu zamchira wotere zinkatsalira m'madimba. Bambo wina wosula makasu anatola chimodzi kuti asulire nkhwangwa, ndipo sichinaphulike ayi, chinangotsegula pakamwa n'kulavula moto woyera. Akathira madzi motowo unkagona, pakauma n'kudzukanso, mpaka unamudya mnofu kufika pafupa.

ANangozo anaimbira Kettie kuntchito. Kettie anali pakati posambitsa nkhalamba ina. Anati wamva, alankhula ndi Ambrose. Madzulo analankhuladi, koma mwa nthabwala, kuti amayi ati mwabweretsa nkhondo ya Renamo m'nyumba. Onse awiri anaseka. Ambrose anati ngakhale litakhala bomba, lagona m'matope zaka makumi asanu ndi atatu, linafa kale. Za kuitana apolisi anakana. Nanga akafunse kuti anakumba ndi chilolezo cha yani, mayeso ali pafupi chonchi?

M'mawa mwake Kettie atapita, aNangozo anazungulira m'nyumbamo osapeza pokhala. Anapinda matewera, n'kuwapindulanso. Anasesa posesa kale. Kenaka anamva chitseko cha pakhonde chikutseguka, ndi kulira kwa tizitsulo tija m'kabokosi kake.

Anaika mwana pansi. Anamanga chitenje bwinobwino, napita kukaima pakhomo la khondelo, n'kuchita chimene sanachitepo chikwatiwire mwana wawo. Anamuyang'ana mkamwini m'maso.

"Apongozi, ndikulankhula ndi inuyo, osati mwanayu. Chinthucho ndimachidziwa. Musachikande, musachiyanike. Chisiyeni m'madzi momwemo, muitane eni dziko adzachitenge."

Ambrose anaimirira, maso pansi, manyazi atamugwira ngati wapezeka akusamba. Anapepesa. Anati wamva, amayi, sachikhudza mpaka Loweruka. Anabwezadi chitsulocho m'ndowa, natseka kabokosi kaja, nakhala patebulo ndi mano ake apulasitiki.

Anapirira mpaka cha m'ma leveni. ANangozo ankamuona m'mbali mwa diso. Aboole dzino limodzi, ayang'ane kukhonde. Amwe madzi, ayang'ane kukhonde. Mwendo uli gwedegwede pansi pa tebulo. Paja Fredrick anali atamuuza pafoni kuti, mudala, zinthu izi zimankhala na manambala, ukapeza chaka ndiye wadziwa zonse. Ndipo chaka chimenecho chinkamuyabwa.

Mwana atayamba kulira tulo, mayiwo analowa naye kuchipinda. Anasiya chitseko chotsegula pang'ono kuti azimvetsera, koma Mirriam anavuta tsiku limenelo, ndipo nyimbo yomutonthoza inaphimba zonse. Sanamve khonde likutseguka. Sanamve kukanda. Atatuluka anapeza Ambrose ali patebulo pomwe paja, akuboola dzino mwakhama kwambiri, mwakhama mopitirira muyeso.

Anayang'ana kunja. Chinthu chija chinali pa nyuzipepala, padzuwa, chotsukidwa bwino, mbali ina yoyera pomwe dzimbiri linapalidwa. Pamwamba pake, pachingwe, panali tizovala ta mwana.

Ndiye anamva fungo la adyo, m'nyumba mopanda wophika.

Utsi unayamba ngati ulusi, kutuluka pamng'alu umene kukanda kuja kunatsegula. Posakhalitsa unali woyera, wokhuthala, nyuzipepala yayaka, kamalaya ka Mirriam kagwira. ANangozo anakuwa kuti thirani madzi, musagwire. Koma munthu akaona moto pakhomo pake, mwana ali m'nyumba, manja amathamanga mutu usanaganize. Ambrose analumpha, nachigwira ndi manja onse awiri kuti achiponye m'ndowa. Chinalowadi m'ndowamo. Koma zidutswa zina zamotozo zinali zitamatirira kale m'zikhatho ndi m'zala, zikufuka.

Sanalire msanga. Anangoima, akuyang'ana manja ake ngati a munthu wina.

Mayiwo anamukoka pamalaya mpaka kubafa, namiza manjawo m'madzi, namuuza kuti asawatulutse ngakhale zitavuta bwanji. Anavula chitenje, nachinyowetsa, nakulunga nacho manjawo. Belu la moto linali likulira nyumba yonse. Mayi wagalu uja ndiye anaimba foni, ndipo anthu a nsanjika zonse anatsika pamasitepe, ena ndi ana, ena ndi amphaka m'mabasiketi, n'kukaima panja mpaka dzuwa kupendeka, kudikira asilikali kuti adzatenge katundu wawo. ANangozo anatsika Mirriam ali kumbuyo, akuwerenga masitepe ndi mapemphero.

Kuchipatala anati chitenje chonyowacho ndicho chinapulumutsa zala. Zinapulumukadi, zonse khumi zilipo. Koma chala chachikulu ndi cholozera cha kumanja zinauma, khungu lake anachita kukatenga pantchafu, ndipo adokotala atafunsidwa za kugwira tizitsulo ta mano anayang'ana kumbali, nati tiona chaka chamawa.

Fredrick anabwera kudzatenga makina ake, osakhala n'komwe pansi. Khonde analisesa, mabatani ndi belu lija zinapita kudzala.

Tsiku la mayeso linafika lili ndi dzuwa labwino. Kettie anali atapita kuntchito, poti tsopano ankagwira mashifiti awiri. Ambrose anakhala patebulo paja, manja ali m'mabandeji ngati mitu iwiri ya kabichi, akuyang'ana wotchi ya pachitofu. Itakwana eyiti koloko, nthawi imene anzake ankalowa m'chipinda cha mayeso, aNangozo anabwera ndi mbale ya phala. Anakoka mpando, nakhala pafupi ndi mkamwini amene sanadyepo pamaso pawo chikhalire. Anauzira supuni kuti izizire.

Sanamukumbutse kanthu. Anangoti, "Yasamulani, apongozi."

Ndipo Ambrose anayasamula.