Podontha Oyilo

Mwana woyamba wa malemu anathamangitsa bambo ake aang'ono m'galaja Loweruka m'mawa, maluwa a pamanda asanafote.

Bambo aang'onowo, amene aliyense ankawatchula kuti a Sipanala, anali atalawirira pa galimoto ya akulu awo. Inali yofiira, ya zitseko ziwiri, yofupika ngati ikukwawa, ndipo pamsewu inkapitirira zinzake ngati zaima. Koma inkadontha oyilo. Kwa zaka zambiri a Sipanala ankabwera Loweruka lililonse kudzaiona. Anasintha washala wa kunsi, anasintha fyuluta, komabe katoni yomwe malemu ankayala pansi pake inkadzuka ndi dontho lakuda. Akanena kuti atsuke injini yonse n'kuiwaza paudala kuti aone pamene oyilo akuyambira, malemu ankatseka boneti.

"Iwe, ikudontha m'thumba mwako? Tiye tikamwe tiyi. Udzaiona sabata yamawa."

Tsopano wowaletsa panalibe. Anatsuka injini ndi parafini, anaipukuta, n'kuiwaza paudala wa ana mpaka inayera mbuu.

"Madala, mukuidzola paudala kuti ikakwatiwe?" anatero mwana wa malemu polowa, foni ili kukhutu. "Wogula ali m'njira. Makiyi kuno."

"Mwanawe, ndiilize kaye pang'ono. Oyilo amagwera pansi, koma amachokera kwina. Paudalayu ationetsa njira yake."

"Njira imeneyo munayamba kuifuna ine ndili kusukulu."

A Sipanala analiza injini, malata a galaja n'kunjenjemera. Posakhalitsa kamzere kakuda kanatulukira pamwamba penipeni, pakona ya chivundikiro cha injini, n'kutsetsereka pa paudala mpaka kunsi. Inali gasiketi basi, kalabala kotseka mpata wa chivundikirocho, ntchito yoti munthu n'kuimaliza tiyi asanazizire. Anaimirira manja ali m'chiuno, mtima ukuwawa kuti akulu awo apita osaona.

Mnyamata uja anali kumbuyo, akutulutsa katundu m'buti n'kumaponya pansi. Atanyamula tayala la sipeya, anaima.

"Amayi! Tabwerani mudzaone."

Mkazi wa malemu anatulukira pakhomo, maso ali otupa. Mwana wake anakweza m'mwamba gasiketi yatsopano, idakali m'pulasitiki yake, pepala lake litasuluka ndi ukale.

"Adadi anagula kalekale, koma madalawa osaiika. Akanaiika, Loweruka akanakadya kuti? Munthu wadyera bambo anga mpaka kuwaika m'bokosi!"

"Imeneyo ndikuiona lero," anatero a Sipanala. "Alamu, nenani inu. Ndinayamba ndatsegulapo buti ya galimotoyi ine?"

Mayiwo anayang'ana mwana wawo, amene tsopano ndiye anali mwini nyumba. Kenako anayang'ana pansi.

"Zamagalimoto ine sindizidziwa."

Wogula anafika atavala magalasi akuda. Sanasuzumire n'komwe kunsi. Anagogoda tayala ndi nsapato, anakhala pampando wa malemu, anaukankhira kumbuyo chifukwa anali wamtali, n'kutuluka nayo pageti mofuka fumbi. Gasiketi ija anapatsidwa ngati basera.

A Sipanala anawerama kuti anyamule bokosi lawo la zipangizo. Mnyamata uja analiponda ndi phazi.

"Zonse za muno ndi za adadi."

"Bokosili ndinaligula iwe usanabadwe."

"Ndiye likupumuleniko. Mwaligwiritsa ntchito mokwanira." Anawatulutsa, anakoka chitseko, n'kukhoma loko.

A Sipanala ali pageti, anamva masilipasi kumbuyo kwawo. Anali alamu awo aja, atanyamula mtolo wa makatoni womangidwa ndi chingwe. Onse anali odulidwa mofanana, m'mbali mwake mowongoka, monga malemu ankadulira ndi mpeni wawo wa m'thumba.

"Akulu anu ankadziwa, alamu," anatero monong'ona. "Anaigula sabata imene munaika akazi anu. Ankati mukaikonza musiya kubwera, ndipo kwanu kuja mphika simuteleka. Awa anadula ali kale ndi malungo. Ankati akwana mpaka chaka chamawa."

"Nanga muja bwanji simunanene?"

"Ndikanena, ndikakhala kuti? Kwa inu?"

Anawapatsa mtolowo n'kubwerera msanga, akucheuka kuzenera. A Sipanala anaukwapatira m'khwapa nauyamba wapansi, paudala adakali m'zikhadabo. Pamsewu panali timadontho takuda totsatizana, tolowera kumene galimoto inapita.

Bokosi lawo la zipangizo lidakali m'galaja muja, ndipo pabanjapo akatchulidwa a Sipanala amati ndi aja anadyera malemu.