Chikope cha Emelia

Mu Julayi 2004, chikope chakumanja cha Emelia chinayamba kugwa chokha. Mutu unkamupweteka kuseri kwa disolo, ndipo zinthu ankaziona ziwiriziwiri. Mwamuna wake Lastone, yemwe ankagulitsa salaula, zovala zakaunjika, pamsika wa Kafue chimuchotsereni ntchito kufakitale, sanalabadire.

Mnzake Cephas ndiye anasonkhezera moto. "Ba Lastone, diso siligwa chabe. Mkazi wotsinzinira amuna, Mulungu amamuika chizindikiro."

Lamlungu lotsatira Lastone anaimirira m'tchalitchi ku Nangongwe, napempha mpingo upempherere mkazi wake kuti aulule zomwe akubisa. Emelia anangowerama.

Patapita milungu itatu, namwino Gwendolyn anabwera pamsikapo kudzasankha majuzi. Ataona nkhope ya Emelia, anakweza chikopecho ndi chala.

"Chinayamba liti ichi?"

"Tikali kupempherera, ba sisita," anatero Lastone.

"Muzapempherera mu minibasi. Pitani ku Lusaka lelo, osati mailo."

Kuchipatala anamujambula Emelia m'mutu. Dokotala anaonetsa Lastone kachotupa pachithunzi.

"Mtsempha wa magazi uwu wafufuma ngati chubu cha njinga chikatha mphamvu. Ukupanikiza mtsempha woyendetsa diso. Ukaphulika, mayiwa akhoza kufa pomwepo."

Lastone anakumbukira maso onse a mpingo ali pa mkazi wake.

"Muzang'amba mutu?" anafunsa chapansipansi.

"Pamene chili mpovuta kufikapo ndi mpeni. Tiwatumiza kwa akatswiri ku Joni. Adzalowetsa kapaipi kopyapyala mumtsempha wa m'chuuno mpaka kufika ku ubongo, n'kuthira mankhwala amadzimadzi m'chotupacho. Mankhwalawo amauma ngati ulimbo, magazi osalowamonso. Ngozi ilipo ndithu, koma kuchisiya n'koopsa koposa."

Namwino wa muwodi anayamikira Lastone. "Amuna ena sabweretsa akazi awo. Mwachita bwino, bambo." Mawuwo anamulasa Lastone kuposa chitonzo. Anatuluka n'kukaima kuseri kwa wodi, nkhope atabisa m'chipewa.

Emelia anakwera ndeke ndi odwala ena otumizidwa kunja, ndipo anabwerako wamoyo. Mutu unaleka kupweteka. Koma chikope chinangotseguka theka, poti mtsempha wa diso unapanikizika nthawi yaitali.

Kwa mwezi wathunthu Lastone ankalankhula naye akuyang'ana pansi. Mmawa wina, Emelia akupinda zovala, bamboyo anagwada pakati pa mabelo a salaula.

"Amake Molly, ninakuipitsirani dzina, imwe mukudwala. Nikhululukireni."

Emelia anapinda kaye shati yomwe inali m'manja mwake.

"Nakhululuka. Koma lekani kukamba na nsapato zanga. Diso ili ndiye nili nalo manje. Liyang'aneni."

Lastone anadzutsa mutu.

Phunziro: Chikope chikagwa mwadzidzidzi, kapena mutu ukapweteka mwachilendo n'kumaona zinthu ziwiriziwiri, thamangirani kuchipatala tsiku lomwelo. Matenda si umboni wa tchimo.