Lona la Munthu Mmodzi

A Wesley anatambasula lonalo pansi m'shopu muja mpaka linatseka njira yopita ku mashelefu a nsapato. Bambo wina wa Chitswana amene ankafuna kudutsa anachita kubwerera.

"Ili ndiye lona," anatero a Wesley ataponda ngodya imodzi kuti lisapindike. "Mamita anayi ndi theka. Family size! Tilowamo awiri, mipando, ngakhale mbaula."

"Ine mundipatse la mamita atatu mbali zonse," ndinauza mayi wogulitsa.

"Amake Luntha, kameneko si kofunditsira khola la nkhuku?"

Amuna angawa anali atachoka panyumba pathu ku Maruapula kuno ku Gaborone zaka ziwiri m'mbuyomo. Anakakhala ku Kgale View ndi mkazi wa kuofesi kwawo, ndipo ponyamuka anatenga ndi tchaja yomwe. Miyezi yoyamba ndinkangoti ndikaweruka kuchipatala kumene ndimagwira unamwino, n'kukadzitsekera m'nyumba. Mnzanga Nomsa atatopa nazo anandikokera ku gulu lake lokwera mapiri. Kumeneko ndinaphunzira kugona pa hamoku, kansalu kolimba kamene umamangirira pa mitengo iwiri n'kumalendewera, pamwamba utatchinga ndi lona. Nthawi yonseyo ndinkabwereka lona la Nomsa, ndipo tsopano ndinkafuna langalanga.

Mwezi umene ndinaganiza zogula lonalo ndi pamene a Wesley anatulukira, nkhope ili gwa, atawakana kumene anapitako. Ankafuna kubwerera. Popeza amalume ali kutali ku Ntcheu, unkhoswe wathu kuno ku Gaborone anaugwira a Kenneth ndi akazi awo, mayi Salome, akumpingo. Iwo anagamula kuti bambowa ndipite nawo pa ulendo wotsatira wa gulu lathu, tikagone kuthengo limodzi, ndipo pobwera Lamlungu ndiwapatse kiyi wa nyumba. Ulendowo ndinavomera. Za kiyi sindinayankhe.

"Hamoku yanga ikalendewera siyikwana mamita atatu," ndinawafotokozera. "Lona ili ukalimanga chopingasa, ngodya ina kumutu, ina kumiyendo, limapitirira mamita anayi. Uku kutsala theka la mita, uku theka la mita. Munthu safuna zoposa pamenepo."

"Munthu mmodzi."

"Eya, mmodzi."

Mayi wogulitsa uja anayamba kukonza zingwe zimene zinali kale bwinobwino.

"Komanso mitengo ya kumene tikupitako munaiona?" ndinafunsa. "Nanga chinsalu chonsechi anyamule ndani?"

A Wesley anaseka, kuseka kwawo kuja koonetsa kuti mkazi walankhula. "Ine wa kumaofesi a ku Fairgrounds, woyang'anira makampani asanu, indikanike nsalu?"

Umu ndi mmene tinagulira zinthu zonse za m'banja mwathu: sofa yosalowa pakhomo, galimoto yosakwana m'galaja. Iwo ankasankha chachikulu, ine n'kumavutika nacho. Tsiku limenelo aliyense anagula lake. Ndinathokoza mayi uja m'Chitswana kuti "Ke a leboga, mma," n'kutuluka kalona kanga kali m'khwapa.

Lachisanu masana mayi Salome anandipeza kuseri kwa nyumba, ndikuyesa lonalo ndi hamoku pakati pa mtengo wa morula ndi chitsulo choyanikira zovala. Anali atamva kale. Nkhani za Amalawi kuno siziyenda wapansi.

"Achemwali, akuti mwagula kalona kosalowa amuna anu."

"Ndagula kondikwana ineyo."

"Musatero. Mwamuna akabwera yekha n'kupepesa, mkazi amasendera. Anthu kumpingo akuyang'anatu."

"Zaka ziwiri zija ankayang'ana kuti?"

Anakhala pa chitini cha penti, n'kuusa moyo. Ine ndinapitiriza kukhoma zikhomo, ndipo ndinkazikhoma mwamphamvu kuposa mmene dothilo linkafunira. Mayiwa sindinkadana nawo. Chinkandiwawa n'chakuti aliyense ankandiyeza ngati malo oti munthu wina akwanemo.

Patapita kanthawi anagwira nsalu ya hamoku, n'kuisisita ndi chala.

"Koma zoona mumagona pamenepa? Osaopa njoka?"

"N'chifukwa chake timagona m'mwamba."

"Tulo n'kubwera?"

"Kuposa zaka makumi awiri zonse za m'banja."

Sanandidzudzule. Anangoyang'ana hamokuyo nthawi yaitali, kenako anafunsa ngati ndili ndi madzi ozizira.

Loweruka tinasiya magalimoto pafamu ina kunja kwa mzinda, n'kuyamba kuyenda wapansi makilomita asanu ndi atatu. Tinalipo khumi ndi awiri. Dzuwa la Disembala linkaswa mtengo. Tisanafike pakati, a Wesley anali atatsalira kumbuyo, chilona chawo chikutsetsereka paphewa.

"Amake Luntha, m'chikwama chanu mulibe kampata?"

"Chadzaza."

Sichinadzaze. Ndinanama masana dzuwa likuwala, ndipo sindinachite manyazi.

Pamalo ogona pali mitengo ya minga, yaifupi, yoyandikana. Ndinayeza ndi mapazi, n'kupeza iwiri yotalikirana mamita oposa anayi. Chingwe, mfundo, zikhomo ziwiri, basi nyumba yanga yatha. Nditapachika hamoku, chikwama ndi nsapato ndinaziika pansi pake.

A Wesley anazungulira thengo lonse kufuna mitengo yoti chilona chawo chikwane pakati. Sanaipeze. Atachimanga, chinatsala mbali zonse, chikukwinyika pa makungwa, ngodya zikukola m'minga.

"Baba, lipindeni pakati, likhale laling'ono," Nomsa anawauza.

"Sindinagule lalikulu kuti ndizilipinda, my sister."

Cha m'ma fili koloko mitambo inadetsa kumwera. Kunayamba mphepo yafumbi imene imatsogolera mvula ya kuno. Aliyense anathamangira kokatsitsa ngodya za lona lake, inenso ndinatsitsa zanga mpaka m'mawondo, n'kulowa. Ndili pa hamoku ndinaona chilona chija chikufufuma ngati thumba lodzaza chimanga. Zikhomo zinazuka chimodzichimodzi. Kenako chinakwera pamwamba pa mtengo, minga n'kuching'amba pakati, kwee!

Mvula inakhuthuka. Wina m'gulu lathu anakuwa "Pula!", dzina la mvula m'Chitswana, ena n'kuyankha akuseka m'malona awo.

Posakhalitsa ndinaona miyendo ikuthamangira kwa ine. A Wesley anawerama pamphepete pa lona langa, madzi akuyenderera m'khosi, shati itamatirira pamimba. Magalasi anali atawavula, ndipo opanda magalasi ankaoneka okalamba.

"Tachotsani chikwamachi ndikhale pansipa."

Malo akanapezekadi. Chikwama changa chikanatuluka panja, iwo akanakwana. Ndisaname, chisoni chinandigwira, moti dzanja langa linafika pa lamba wa chikwamacho lisanandifunse. Zaka makumi awiri linazolowera. Koma m'chikwamamo munali bulangete langa ndi zovala zanga zonse zouma.

"Chikanyowa, ine ndifunda chiyani?"

"Eness, please. Ndine mwamuna wanu."

"Ndinakuuzani m'shopu muja kuti ndi la munthu mmodzi. Munaseka."

"Tikambirana kunyumba. Senderani kaye."

"Kunyumba kwake kuti? Kiyi sindikupatsani, bambo a Luntha. Ndanena lero kuti musavutike kudikira mawa. A Kenneth ndikawauza ndekha, ndipo amalume ndiwaimbira ndekha."

 A Wesley anandiyang'ana ngati akuyembekeza kuti ndiseka. Sindinaseke. Ndinatsegula zipi, n'kutulutsa jekete langa la mvula, lofiira, n'kuwapatsira kunja.

"Uko kumtunda anyamata a gulu ali ndi tenti yosungiramo zakudya. Akulandirani."

Anaimabe pamenepo kanthawi, madzi otsika pa ngodya ya lona akugwera pa nsapato zawo zatsopano. Kenako anavala jeketelo. Manja ake anawalekeza m'zigongono, ndipo zipi inakana kutseka. Ananyamuka choncho kulowera kumtunda, akuterereka m'matope, osacheuka.

Ndinabweza dzanja langa mkati, n'kulipukuta pa siketi. Ndinalira pang'ono, kenako ndinasiya. Madontho ochokera m'mphepete mwa lona anali atakumba kamzere m'dothi lofiira, kuzungulira mbali zonse zinayi. Kunja kwa kamzereko mapazi a Wesley ankadzaza madzi. Mkati mwake dothi linali louma, nyerere zikupitiriza ulendo wawo pansi pa hamoku yanga.